Rock yosadziwika ya Loweruka usiku: nyimbo zandithera, zomwe ndapeza mawu akusowa

Nangozo: Akuluakulu thandizeni msanga. Ndili ndi segimenti ya mphindi 20 Loweruka lililonse usiku, ya rock yosadziwika. Mkulu wa mapulogalamu ananeneratu kuti safuna Bon Jovi, Scorpions, Dire Straits ndi zonse zomwe zimalira m'mabala, akufuna zomwe womvera sanamvepo. Chabwino. Koma library yathu ili ndi foda imodzi yokha ya rock ndipo ndaipukuta yonse. Ndayamba kutsitsa pa YouTube. Pa mahedifoni zikumveka bwinobwino, koma Loweruka lapitali ma SMS anagwa kuti woimba sakumveka, kukungolira gitala. Mu Audition, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, waveform (chithunzi cha mawuwo) ili bwino, mita sikufika pofiira. Mafunso awiri: nyimbo zotere inu mumazitenga kuti, ndipo mawuwo akusowera pati? Log, mndandanda wa nyimbo zoulutsidwa, ikufunika Lachinayi masana. Zoti ndingoika Afrobeats musandiuze, sponsor analipira rock.

Gama wa Drive Time: Mlongo, vuto si library ayi, vuto ndi segimentiyo. Womvera wa kuno nyimbo yomwe saidziwa amaipatsa masekondi ochepa kenako watembenuza. Mphindi 20 za alendo okhaokha ndi kupereka omvera anu kwa siteshoni ina. Yambani ndi yodziwika, tsekani ndi yodziwika, yosadziwikayo muiike pakati. Bwanayo mukamuuze choncho.

Nangozo: Achimwene, bwanayo ndi amene anakana zimenezo. Ndikufunsa za nyimbo ndi mawu.

Aphiri a Zamawaya: Za mawuzo ndi phase, ndiko kuti mbali ya left ndi ya right zikutsutsana. Funsani omwe anatumiza SMS ngati bass nayo inasowa, ndikukhulupirira ayankha kuti eya. Wina pojambula mbale yakale kulowetsa mu kompyuta anatembenuza waya wa mbali imodzi, kapena anaikamo stereo yabodza kuti imveke yotakata. Pa mahedifoni khutu lililonse likumva mbali yake, ndiye simungadziwe. Koma omvera anu ambiri ali pa kawailesi ka sipika imodzi kapena pa foni, ndipo ngakhale wailesi ya stereo siginolo ikafooka imabwerera ku mono. Left ndi right zikaphatikizana, chilichonse chomwe chili pakati chimafafanizika, ndiye woimba ndi bass apita, yatsala gitala yomwe inali m'mbali. Waveform singakuuzeni zimenezi mukangoiyang'ana patali.

Dinani batani la mono pa desiki, mverani nyimbo iliyonse musanailowetse mu playout. Ikasowa mawu, mu pulogalamu ya Audacity gawani track, invert mbali imodzi, phatikizaninso. Ngati ndi stereo yabodza ija, invert siithandiza, itayeni mupeze ina. Ndipo ngati nyimbo zonse za siteshoni zikutero, osati zanu zokha, muitane tekinishani ayang'ane mapulagi a mawaya a XLR, pin 2 ndi 3 zasinthana penapake.

Nangozo: Zina zonse zili bwino, ndi zanga zokha. Ndiyesa madzulo.

Tembo wa ku Chipata: Ba Nangozo, mukufuna kutali chinthu chomwe chili kuseri kwa Mchinji. Zamrock. M'ma 1970 ku Copperbelt ndi ku Lusaka anyamata ankaimba rock yeniyeni, fuzz ndi wah-wah yake, ndipo nyimbo zina zili m'Chinyanja chomwe womvera wanu amva popanda womasulira. Yambani ndi WITCH, chimbale cha Lazy Bones!! cha 1975. Amanaz anatulutsa chimodzi chokha, Africa, chaka chomwechonso, muli nyimbo yodekha ya Khala My Friend yomwe ingatsekere segimenti bwino usiku. Paul Ngozi ndi Ngozi Family, Day of Judgement ya 1976 ndi 45,000 Volts ya 1977, awo ndiye gitala yaukali. Onjezani Musi-O-Tunya ndi Rikki Ililonga, Chrissy Zebby Tembo, The Peace, Keith Mlevhu. Pamenepo muli ndi miyezi yambiri osabwereza.

Ndipo sikuti mukasakesake mbale zokalika. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso zotsukidwa bwino, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa magulu ambiri pa Welcome to Zamrock!, magawo awiri. Gulani imeneyo, mwathana ndi za phase.

Gama wa Drive Time: Akulu a ku Chipata, kwa inu ndi zodziwika chifukwa munakula nazo. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 Paul Ngozi samudziwa. Nkhani ikadali yomweyo: womvera amakhala pa nyimbo yomwe angaimbe nawo.

Tembo wa ku Chipata: Manje mwana wa ku Area 25 yemweyo wamumva Paul Ngozi osadziwa. Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha Ngozi Family pa Noid mu 2024. Travis Scott anatenga cha Amanaz pa Sirens. Muulutsi anene zimenezo mu intro kenako aseweretse yoyambayo, muone ngati mwanayo atembenuza.

Gama wa Drive Time: Ndiye mwavomereza zanga. Mwafunika Travis Scott kuti akukokereni womvera. Yodziwika kaye.

Mdala wa ku Library: Mwanawe Nangozo, ndikuchenjeze zingapo, chifukwa aliyense akukupatsa mayina koma palibe akukuuza komwe ugwere.

Choyamba, dzina loti WITCH. Ngati siteshoni yako ndi ya mpingo, kapena bodi yake muli abusa, usalitchule lokha. Unene nthawi yomweyo kuti ndi chidule cha We Intend To Cause Havoc, anyamata ankatanthauza phokoso la pa siteji osati ufiti. Anthu athu amamva liwu limodzi n'kuyamba kuimbira bwana. Komanso ukamafufuza dzinalo pa intaneti, kuli gulu lina la ku America lotchedwanso Witch, rock yolemera kwambiri, ndipo makina amazisakaniza. Ngakhale WITCH ya ku Zambia yomweyo, zimbale zake za m'ma 1980 ndi disco, Jagari Chanda anali atachoka kale. Ukatola yapamwamba pa mndandanda ukhoza kuika disco mu segimenti ya rock sponsor akumvera.

Chachiwiri, nyimbo uimvere kuyambira poyamba mpaka pomwe yathera, usadumphe. Pa siteshoni ina yomwe ndinagwirako, mnyamata wa usiku anaika nyimbo yaitali ya rock kuti apeze mpata wotuluka panja. Anali atamvera mphindi ziwiri zoyamba zokha. Chakumapeto woimba uja anayamba kutukwana mawu omwe sindingalembe pano, mnyamata ali kunja, situdiyo mulibe munthu. Anaimitsidwa ntchito, ine ndinauzidwa kuti ndimvere mbale zonse za pa shelefu imeneyo n'kumata pepala pa iliyonse. Rock yosadziwika ilibe radio edit. Yodziwika ena anakuyeretsera kale, iyi woyeretsa ndiwe. Za m'Chibemba upeze wodziwa Chibemba akumverere, usangoti poti ng'oma ikukoma. MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, ikalandira dandaulo siifunsa kuti unkamva chinenerocho kapena ayi.

Nabanda wa ku Johannesburg: Adala akunena zoona. Ndionjezere kuti "yosadziwika" zimatengera komwe uli. Rodriguez wa ku Detroit kwawo ku America sankadziwika n'komwe, pamene kuno ku South Africa chimbale chake cha 1970, Cold Fact, chinali m'nyumba zambiri. Kwa omvera a ku Malawi ndi mlendo, ndiye akuyenera segimenti yako, mng'ono wanga. Koma Sugar Man ikunena za mankhwala ozunguza bongo poyera, ndipo nthawi ya tsankho a library ya wailesi ya boma ya SABC ankaikanda pa mbale ndi chitsulo kuti muulutsi asaiseweretse. Sankha ina pa chimbalecho.

Ukafuna kutuluka mu Zambia osapita kutali, Zimbabwe inali ndi Wells Fargo ya ku Bulawayo, yomwe Watch Out yake inavutitsidwa ndi boma la azungu la Ian Smith. Nigeria inali ndi BLO, ndi Ofege omwe anali ana a sukulu ku Lagos pojambula chimbale chawo choyamba. Za lero kuli Mdou Moctar wa ku Niger ndi Songhoy Blues a ku Mali. Ine ndikanapanga mwezi uliwonse dziko lake, chifukwa womvera akadziwa kuti mwezi uno tili ku Zambia amakhala ndi chogwira.

Nangozo: Achemwali zikomo, za mwezi ndi dziko ndazikonda. Koma khadi yogulira pa intaneti siteshoni ilibe, ndipo forex mukuidziwa. Pa Spotify zonsezi zilipo, sindingangolumikiza foni ku desiki?

Mdala wa ku Library: Ayi. Spotify ndi ya kumvera iwe mwini, malamulo awo amakana kuulutsa. Ndipo netiweki ikagwa pakati pa nyimbo udzakhala ndi dead air, foni ikaitana dziko lonse limva. Pempha wina wa kunja akugulire mafayilo abwino a WAV kapena FLAC pa tsamba logulitsa nyimbo la Bandcamp akutumizire. Koma udziwe kuti kugula fayilo si chilolezo choulutsira. Chilolezo ndi chomwe siteshoni imalipira ku COSOMA, bungwe loona za ufulu wa opeka nyimbo, ndiye funsa ku akawunti ngati chili bwino.

Ndipo log yako uidzaze yonse: mutu wa nyimbo, woimba, wopeka, kutalika kwake. Achinyamata mumalemba "Zamrock mix" basi. Ndalama ya wopeka wakunja imadutsa m'mabungwe, kwa a ku Zambia ndi ZAMCOPS, ndipo dzina likasowa pa log palibe komwe ingapite. Ambiri mwa oimba amenewo anamwalira m'ma 1980 ndi 1990, Paul Ngozi anapita mu 1989, otsala ndi ana ndi akazi amasiye. Mayina a opeka ali pa tsamba la intaneti la Discogs, pa zithunzi za ma label. Nkhani imeneyi ine imandikhudza kwambiri, chifukwa taulutsa anthu zaka zambiri osalemba n'komwe mayina awo.

Aphiri a Zamawaya: Pa Amanaz samalani, Africa ili ndi mamikisi awiri, ina youma ina ya reverb yambiri. Ya FM tengani youma. Processor yanu ikakoka reverb ija imadzaza paliponse ndipo mawu amamira. Komanso nyimbo za m'ma 1970 ndi zotsika poyerekeza ndi za lero, musazikweze ndi limiter mpaka kuphwanya fuzz. Linganizani ma level ndi khutu, jingle ya sponsor isachite kudzidzimutsa munthu ikamalowa.

Gama wa Drive Time: Zonsezi ndi zabwino koma palibe wayankha funso langa. Mwakonza phase, mwagula FLAC, mwadzaza log, nanga womvera ali kuti? Ine ndaonapo mapulogalamu a jazz, a country yachilendo, a classical, onse anayamba ndi chidwi chomwechi. Sponsor akaona ma SMS achepa amachoka mwakachetechete, ndipo amene amatsala ndi mlandu ndi muulutsi, osati bwana yemwe anabweretsa ganizolo. Mlongo, ndikukutetezani inuyo. Imodzi yodziwika koyamba.

Nabanda wa ku Johannesburg: A Gama, country ku Malawi inayamba yodziwika? Wina anayamba kuiseweretsa anthu asanaidziwe.

Gama wa Drive Time: Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, mayi. Munthu analibe kothawira.

Mdala wa ku Library: Pamenepo a Gama mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake rock kuno sinamere ngati ku Zambia. Wailesi inali MBC yokha, Censorship Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna a tsitsi lalitali ankametedwa. Mnyamata wa gitala ndi tsitsi lake akanaimbira kuti? Ngakhale Cecilia ya Simon and Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzina la Mama Cecilia Kadzamira. Tsidya linalo a Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi ikhale ya m'dziko, migodi ya kopa inali ndi ndalama, kampani ya Teal inkadinda mbale ku Ndola, Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankajambulitsa magulu. Anyamata anali ndi kojambulira, kogulitsa ndi koulutsira.

Tembo wa ku Chipata: Koma sizinakhalitse, ba mdala. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa ma 1970, anthu analeka kugula mbale. Kenako ma curfew nthawi yomwe asilikali a Rhodesia ankaphulitsa mabomba m'dziko muno, magulu anayamba kuimba masana, disco inalowa, Edzi inamaliza otsala. Jagari anakhala mphunzitsi, kenako anakakumba miyala ya mtengo wapatali. Anabwerera pa siteji atakalamba, ndipo WITCH inatulutsa Zango mu 2023. Nkhani ngati imeneyi ndi imene muulutsi anene pakati pa nyimbo, masekondi 30 akwana.

Gama wa Drive Time: Ndiye 95 peresenti imeneyo ndi yomwe tikufunika kuno, osati kumaulutsa za anthu ena za zaka 50 zapitazo ana athu akusowa airplay.

Aphiri a Zamawaya: Quota popanda situdiyo zabwino mungodzaza wailesi ndi ma MP3 otsika a 128 kbps ojambulidwa kuchipinda. Theka la zomwe oimba amatitumizira pa WhatsApp zimafika zitaphwanyika kale.

Gama wa Drive Time: Zophwanyikazo anthu amaimba nawo, Aphiri.

Tembo wa ku Chipata: Ba mdala, inu amene munagwira m'ma library akale, kulibe matepi a magulu a ku Malawi a m'ma 1970 omwe ankaimba ndi gitala yamagetsi m'mahotela? Ngati ma reel alipo penapake ndikufuna kudziwa ngati makina owerengera akadalipo amoyo, chifukwa kuno amene tinali nawo lamba wake anaduka ndipo sapezeka.