Ndiwonjezere luso lanji ndisanamalize maphunziro a zamahotela?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene mwagwira ntchito m'mahotela ndi m'maloji kwa zaka zambiri, ndikupempha malangizo anu. Ndine mtsikana wophunzira za kasamalidwe ka alendo ku Blantyre, ndipo kwatsala miyezi 6 kuti ndimalize. M'kalasi ndimakhoza bwino, kuyala tebulo ndi kukonza chipinda sizindivuta, koma zimene zinandichitikira pa atachimenti (nthawi yophunzira ntchito uli pamalo pa ntchito) pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi zandisiya ndi nkhawa.

Usiku wina ndili ndekha pa resepushoni, kunafika banja lochokera ku Lilongwe, n'kupeza kuti chipinda chimene analipira kale pa foni chapatsidwa kwa anthu ena. Bambo wa banjalo anakalipa kwambiri, ana anali atatopa, ndipo ine ndinangoima kukamwa kuli yasa, n'kumabwereza kuti sindine amene ndinalemba m'bukumo. Amene anapulumutsa zinthu anali mlonda wachikulire: anawakhazika pansi, anapempha akhukhi kuti awafulire tiyi, kenako anakadzutsa manijala. Mlondayo sanapite patali ndi sukulu, komabe anadziwa chochita pamene ine wa satifiketi ndinasowa pogwira.

Ndalama zimene makolo angandipatse n'zochepa, zokwanira chinthu chimodzi chokha. Kodi ndiphunzire Chifalansa, ndiphunzire pulogalamu ya pakompyuta yolembera alendo monga Opera imene mahotela akuluakulu amagwiritsa ntchito, kapena ndalamazo zikhale za thiransipoti ndi chakudya kuti ndikachitenso atachimenti ina yosalipidwa? Cholinga changa ndi kudzagwira ntchito m'mahotela ngati a Sunbird kapena m'maloji a m'malo osungira nyama.

Yankho loyamba

Mchemwali, ine ndakhala pa resepushoni zaka zoposa 15, ndipo ndikukulangizani kuti musankhe atachimenti. Pulogalamu ya pakompyuta mudzaiphunzira muli pantchito m'masabata ochepa, chifukwa hotela iliyonse imaphunzitsa antchito ake atsopano. Chimene sichiphunzitsika pa bolodi ndi kuima pamaso pa munthu wokwiya mtima uli m'malo. Mlendo akamadandaula safuna kudziwa amene walakwa, amafuna kudziwa kumene agone usiku umenewo. Muzimumvetsera mpaka amalize, mupepese m'dzina la hotela ngakhale cholakwacho si chanu, mumuuze chimene muchite ndi nthawi imene chitenge, ndipo muchitedi zimenezo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, choncho mpata wokonza cholakwa ndi waufupi kwambiri.

Musanyozenso masamu. Anzathu ambiri amene ndawaona akuchotsedwa ntchito sanachotsedwe chifukwa cha Chingerezi chofooka, koma chifukwa ndalama za m'kabati sizinkagwirizana ndi malisiti poweruka. Mukapita ku atachimenti, mupemphe kuti akuikeninso usiku, muone mmene amawerengera ndalama za tsiku lonse, za khadi, za Airtel Money ndi za Mpamba.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi achimwene alemba pamwambapa, koma popeza mwatchula maloji a kunkhalango, ndiwonjezerepo chimodzi. Kumeneko antchito amakhala ochepa, ndipo amene wapereka chakudya ndi yemweyo amene mlendo amamufunsa mafunso. Muzilidziwa dziko lanu. Mlendo wa ku Cape Maclear akafunsa chifukwa chake Lake Malawi National Park inalowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, muzitha kumufotokozera za nsomba za mbuna zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Ku Majete muzidziwa kuti bungwe la African Parks linayamba kusamalira malowa mu 2003, ndipo ku Liwonde linayamba mu 2015. Zimenezi mungaziwerenge pa foni yanu popanda kulipira fizi.

Chifalansa ndi chabwino, koma alendo ambiri amene ndawalandira amalankhula Chingerezi, choncho yambani mwanola chimenecho, makamaka poyankha foni ndi polemba imelo. Mupemphenso masabata angapo kukhitchini, muphunzire kusiyanitsa poika nyama yaiwisi ndi zakudya zophika, ndiponso kufunsa mlendo ngati pali chakudya chimene thupi lake limadana nacho, monga mtedza. Mwati kwatsala miyezi 6, ndiye yambani kulemba makalata opempha malo mwezi uno, chifukwa ophunzira ofuna atachimenti amachuluka kuposa malo.