Tikufuna kukamangitsa ukwati ku Nyika, anthu khumi okha: amayi ndi ankhoswe ndiwauze bwanji?

Mwini funso (dzina labisidwa)

Moni nonse pa gulu lino. Ndapempha a admin kuti dzina langa lisaoneke, chifukwa azibale anga ambiri ali mommuno.

Ndili ndi zaka 29, ndimakhala ku Lilongwe. Chinkhoswe tinachita kale kumudzi kwathu ku Dedza, ankhoswe anapatsana nkhuku, mbali zonse ziwiri zikudziwana. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti tikufuna kuthawitsana. Ayi. Chomwe tikufuna ndi chakuti ukwati weniweniwo ukachitikire ku paki ya Nyika, ku msasa wa Chelinda, pakhale ife awiri, makolo, ankhoswe, mchemwali wanga ndi wojambula zithunzi. Anthu khumi basi.

Zifukwa zilipo ziwiri. Malemu bambo anga anaphunzitsapo pa sukulu ina ya pulayimale ku Rumphi ine ndili mwana. Ndili ndi zaka 9 anatenga ana a kalabu ya zachilengedwe kupita nawo ku Nyika, nanenso anandikweza mu lole yomweyo. Ndimakumbukira kuzizira kwake, mbidzi zikudya udzu chapafupi, ndi bambo atandifunditsa jekete lawo. Anatisiya mu 2021. Ndikaganiza zolowa mu holo popanda iwo wondigwira dzanja, mtima umandiwawa. Koma ndikaganiza za kumtunda kuja, ndimamva ngati ali pafupi.

Chachiwiri ndi ukwati wa mchemwali wanga. Kunali anthu oposa 500. Komiti inakumana miyezi isanu, panali bridal shower, panali send-off, holo, zokongoletsa, galimoto. Perekani-perekani sanabweze ndi theka lomwe la zimene zinalowa. Chaka chawo choyamba m'banja anangokhalira kubweza ngongole, ina ya katapila, ndipo ndinkamumva akulira pa foni usiku. Sindikufuna kuyamba banja chotero.

Vuto ndi amayi. Ndinangoyerekeza kuwauza pang'ono, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye anthu ndikawauze kuti chiyani?" Kuchokera tsiku limenelo sitinayikambenso. Amalume, omwe ndi ankhoswe anga, sindinawauze n'komwe.

Ndithandizeni. Alipo anachitapo zotere? Ukwati womangidwira mu paki boma limauvomereza? Abusa angavomere kukwera kumeneko? Ife ndife a CCAP. Nanga msewu uli bwanji, mwezi wabwino ndi uti? Koma makamaka, amayi ndiwayankhe bwanji?

Mlongo wa ku Bolero

Achemwali, za msewu ndikuuzeni ine chifukwa ndimakhala m'njira yomweyo. Musayerekeze kuchoka ku Lilongwe m'mawa n'kumati mukagona ku Chelinda tsiku lomwelo muli ndi achikulire m'galimoto. Kukafika ku Mzuzu kokha ndi makilomita oposa 300. Gonani ku Mzuzu kapena ku Rumphi, mawa lake mulawirire. Kuchokera pa boma la Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu ndi ya fumbi, ndipo mukafika pa geti la Thazima musati mwafika, mwangofika pakati. Werengerani maola anayi, mvula ikagwa kuposa pamenepo. Geti amatseka kukamada.

Galimoto ikhale yaitali, ya mawilo anayi okoka. Ka Vitz kasiyeni ku Lilongwe. Mafuta omaliza muthira ku Rumphi, ndiye poti nthawi zina amasowa, mukawapeza ku Mzuzu dzazitsani, mutengenso ena m'zigubu, chifukwa kumtundako mufunanso kuyendayenda. Netiweki ndi yovuta, uzanitu abale kuti mukhala chete masiku awiri.

Miyezi: Juni ndi Julaye kumazizira mpaka madzi oundana pa udzu m'mawa. Mbali yaikulu ya kumtundako ili pamwamba pa mamita 2,000, nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Januwale ndi Febuluwale ndiye kokongola zedi, maluwa a orchid amatuluka, kuli mitundu yoposa 200, koma ndi nthawi yomweyo msewu umaterera ndipo nkhungu imatha kutseka tsiku lonse. Ine ndikanasankha Meyi, udzu ukadali wobiriwira koma matope atauma. Apo ayi Seputembala, kungoti nthawi imeneyo utsi wa moto wa tchire umabisa mapiri akutali.

Gogo wa Chigwirizano, Nathenje

Mwana wanga, ndawerenga kawiri ndipo za bambo ako zandikhudza. Koma ndikufuna umve funso la mayi ako bwinobwino, chifukwa ine ndalimva.

Mayi akoyo wakhala zaka zingati akuvina m'maukwati a ana a anzake? Wasenza nkhuni, watunga madzi, waphika nsima m'mapoto akuluakulu mpaka maso kufiira ndi utsi, waponya ndalama zake mu lichero. Sanachite zimenezo kuti adzabwezeredwe ngati ngongole ya ku banki, koma mumtima amadziwa kuti tsiku lina amayi omwewo adzabwera kwa iye, adzamuveka chitenje, adzamuimbira, adzalulutira mwana wake. Tsopano ndi wamasiye. Pa maliro a bambo ako ndi anthu omwewo anagona naye pansi. Akafunsa kuti "ndikawauze chiyani," akutanthauza anthu amenewo. Sakukana phiri lako. Akuopa kukumana nawo pa chitsime ndi ku tchalitchi alibe mawu.

Ndiye usapite kwa iye ndi mawu akuti "tasankha." Upite ndi mawu oti akawauze anzake. Umuuze kuti mukatsika ku phiriko mudzabwera kumudzi, mudzapha mbuzi, amayi a Chigwirizano adzabwera, iwe udzavalanso diresi yako yomweyo kuti akuone. Sipafunika holo, sipafunika komiti. Pabwalo pa nyumba, thobwa, mpunga ndi nyama. Tsikulo likhale lake, aitane amene akufuna.

Ndipo za bambo ako wamuuza? Kapena wangomuuza za ndalama? Ngati sunamuuze za jekete lija, yamba ndi limenelo.

Mwini funso

Gogo, zoona sindinawauze. Ndinangonena za ngongole ya mchemwali wanga, mwina anamva ngati ndikuwadzudzula, poti iwonso anali mu komiti ija. Zikomo kwambiri, mwandithandiza kuona pamene ndinalakwitsa.

Bambo wa ana anayi, Kasungu

Ine ndinena mosabisa, sindikugwirizana nazo. Ukwati si wa anthu awiri. Tsiku limene mudzakangane m'nyumba, mbidzi za ku Nyika sizidzabwera kudzakuyanjanitsani. Mboni za ukwati ndi mudzi. Azakhali a mwamuna wanu, agogo ake, onsewo mukuwasiya, kenako mukalowe m'banja mwawo ngati mkamwana? Adzakulandirani ndi nkhope, koma mumtima adzasunga. Ngati vuto ndi ndalama, chepetsani ukwatiwo mommuno. Anthu 80, mukatuluka m'tchalitchi mukadyere pakhomo. Ku Nyika mukapite awiriwiri kukapuma pambuyo pake, palibe adzakuletseni.

Mlongo wa ku Bolero

Bambo a ku Kasungu, ankhoswe akupita nawo, awerengeninso bwino. Kwathu kuno kuthawitsa mkazi timati kusomphola, ndipo chimene chimapangitsa kuti kukhale mlandu ndi chakuti akuluakulu sanauzidwe. Awa chinkhoswe anachita poyera. Koma pa za azakhali a mwamuna mwanena zoona, mbali ya kuchimunako ifunika kuisamala chimodzimodzi.

Mkulu wa mpingo, Area 25

Ndiyankheko za mpingo. Choyamba, musakonze tsiku musanaonane ndi abusa anu. Ukwati wa mu mpingo uli ndi ndondomeko yake: kulembetsa, maphunziro a banja, ndi kulengeza pamaso pa mpingo masabata atatu kuti ngati wina ali ndi chifukwa anene. Zimenezi sizidumphika ngakhale anthu akhale khumi. Chachiwiri, chizolowezi chathu ndi chakuti ukwati umamangidwira m'nyumba ya Mulungu, ndipo mbusa sangangonyamuka yekha kukamangira ukwati m'dera la sinodi ina. Inu muli pansi pa Nkhoma, Rumphi ili pansi pa Livingstonia. Pafunika kukambirana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti palibe lamulo loti ukwati wa m'tchalitchi ukhale wa chikhamu. Ndaonapo ukwati ukumangidwa pakati pa sabata m'mawa, anthu osakwana makumi awiri, mphindi makumi anayi watha, ndipo unali wolemekezeka. Mukhoza kutero, kenako n'kunyamuka ulendo wa kumpoto ndi makolo, kukafika kumeneko mukapemphere, mukanene mawu anu kwa wina ndi mnzake pamalo amene bambo anu anakuonetsani. Pemphero la pa phiri silifuna chilolezo cha munthu.

Membala wogwira ntchito za malamulo

Kuonjezera pa zimene anena akuluwa. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa chipembedzo ndi wa mwambo. Pa ukwati wa kwa DC mumapereka chidziwitso, chimakhomedwa pa ofesi masiku 21, ndipo pa tsiku lomanga pafunika mboni ziwiri. Chimene chimapangitsa ukwati kukhala wovomerezeka ndi munthu woumanga, malo ovomerezeka ndi kaundula, osati kukongola kwa malowo. Ndiye njira yosavutitsa mutu ndi yosainira ku ofesi kapena ku tchalitchi, mtchatho uli m'manja, kenako mwambo wanu wa ku paki. Ngati mukufunitsitsa kuti kusainako kuchitikire ku Chelinda komweko, pitani nokha ku ofesi ya DC mukafunse za chilolezo chapadera, ndipo yankho lake akupatseni polemba. Musadalire zomva kwa munthu wokonza maulendo.

Wojambula zithunzi, Mzuzu

Ndajambulako kumeneko, osati ukwati koma maanja. Mphepo ndi yamphamvu, velo yaitali imavutitsa, ndipo nsapato za gogoda sizitheka pa udzu uja. Tengani shawelo yofunda yogwirizana ndi diresi, ngakhale mu Meyi. Dzuwa likangopendeka kumazizira nthawi yomweyo, ndiye mwambo ukhale cha m'ma 10 m'mawa nkhungu itachoka, zithunzi zina madzulo. Pa chitunda cha Chosi pamaoneka dera lonse. Kunyanja yaing'ono ya Kaulime nyama zimakonda kubwera kudzamwa, kumakhala zii, koma ndi malo amene anthu a kumeneko amawalemekeza kuyambira kale, ndiye funsani kaye.

Kumbukirani kuti ndi paki. Lankhulani ndi ofesi ya paki pasadakhale, auzeni chimene mukufuna kuchita ndi chiwerengero chanu. Zokuzira mawu ayi, kuthyola maluwa ayi, timapepala towaza tija ayi, drone musaulutse musanaloledwe. Kuli akambuku, ndiye poyenda pansi kutali ndi msasa mumafunika wokuperekezani. Polipira pa geti tengani ziphaso zanu, Amalawi timalipira mtengo wotsika. Malo ogona ku Chelinda ndi ochepa, anthu khumi musungitsiretu miyezi ingapo, mufunsenso ngati mukaphike nokha kuti mudziwe zogula ku Mzuzu. Nyumba zake zili ndi potenthera moto mkati, achikulire akasangalala nazo.

Mchemwali wa ku Johannesburg

Ine ndinakwatiwa kuno, anthu asanu ndi mmodzi, chifukwa cha mapepala ndi ndalama. Sindidandaula za kuchepa kwake. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti amayi anamva nkhaniyi ataona zithunzi pa Facebook, mwana wa mnansi ndi amene anawaonetsa. Papita zaka zinayi koma akamaikamba mawu amanjenjemera. Inu amayi anu akhala pomwepo, ndi bwino. Koma agogo, azakhali, aliyense wamkulu wotsala, amve kuchokera pakamwa panu kapena pa ankhoswe musananyamuke. Ndipo wojambula wanu asaike chithunzi chilichonse pa intaneti mpaka mutafika kumudzi.

Mnyamata wa ku Zomba

Mwaganizirapo za phiri la Zomba? Msewu wokwera ndi wa tara, achikulire sangavutike, mukhoza kupita ndi kubwera tsiku limodzi.

Mwini funso

Achimwene a ku Zomba zikomo, n'kokongola ndithu, koma bambo sananditengere kumeneko. Ikakanika Nyika ndiye kuti tingomangitsa ku tchalitchi kwathu basi.

Bambo a ku Kasungu, mawu anu andipweteka koma sindiwataya. Ndakambirana ndi bwenzi langa usiku wathawu, wavomera kuti mbali ya kwawo akayambe ndi azakhali ake aakulu, ndiponso kuti tikachoka ku Dedza tikaonekerenso kwawo. Ndiye kuti mbuzi zikhala ziwiri. Tawerengera, ngakhale ndi galimoto ziwiri za hayala, sizikufika pa zimene analipira mchemwali wanga pa holo ndi zokongoletsa zokha.

Panopa maganizo ali apa: kumangitsa m'tchalitchi pakati pa sabata mu Meyi monga anenera a mkulu wa mpingo, kugona ku Mzuzu, masiku awiri ku Chelinda, kenako kumudzi. Loweruka lino ndikupita ku Dedza. Ndikayamba ndi amalume, chifukwa akamva kwa wina adzakhumudwa, kenako tikakhale pansi ndi amayi. Ndapeza chithunzi cha ulendo uja mu sutikesi ya bambo, ndili pa lole ndavala jekete lawo lofika m'maondo. Ndikupita nacho.

Funso lina limodzi. Amayi ali ndi zaka 63 ndipo amamwa mankhwala a BP. Alipo anakwerapo ku Nyika ndi kholo lotere?

Namwino, Mzuzu

Apite kaye ku chipatala akayezetse, auzeni adokotala za ulendowo ndi kutalika kwa malowo. Ngati BP ikukhazikika ndi mankhwala, ambiri amayenda bwinobwino. Atenge mankhwala opitirira masiku amene mwakonza, asawaike m'chikwama cha galimoto ina, avale zofunda, ndipo tsiku loyamba asakwere zitunda wapansi. Kumbukirani kuti chipatala chachikulu chapafupi chili ku Rumphi, maola anayi aja, ndiye galimoto imodzi izigona ndi mafuta okwanira kutsika nthawi iliyonse.