Utsi pa phiri la Mulanje, koma mapu a FIRMS sakuonetsa moto

Wakulikhubula: Abale, dzulo madzulo utsi umafuka kumtunda kwa Likhubula, koma nditatsegula mapu a NASA a FIRMS (oonetsa malo amene setilaiti yaona moto) pa foni, panalibe kadontho kofiira kosonyeza moto ngakhale kamodzi. Pamwamba pa phiri panali patakuta mitambo. Kodi chifukwa chake n'chimenechi?

Nyenyezi: N'chomwecho achimwene. Setilaiti imazindikira moto pomva kutentha kwake. Utsi wopyapyala imapyola, koma mtambo wokhuthala umatchingiratu kutenthako.

Mphunzitsi_Zomba: Nthawinso. VIIRS, chipangizo cha pa setilaiti chozindikira moto, imadutsa cha m'ma 1:30 masana, kenako usiku pakati. Moto wa osaka mbewa woyatsidwa 4 koloko, ukazima msanga suoneka n'komwe.

Wakulikhubula: Zikomo. Mkungudza watsala wochepa kale, sindidikiranso mapu. Ndikangoona utsi ndiziimbira a zankhalango.