Andipezera ntchito ku mpoto koma mtima sukukhazikika, ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A admin chonde mubise dzina langa, abale anga ambiri ali m'gulu lino.

Ndine mayi wa zaka 27, ana awiri, ndimakhala ku Mangochi cha ku M'baluku. Bambo a anawa anapita ku Joni, chaka choyamba ankatumiza kangachepe, kenako foni inangoti zii. Ndamva kuti anakwatira ku Durban. Apongozi anga zonsezi akuzidziwa koma tikakumana amangofunsa ngati ana akudya bwino, osabweretsa ngakhale kasopo. Alamu anga anadzatenga njinga yamoto imene mnyamata wina ankandiyendetsera kabaza, akuti ndi ya akulu awo, chonsecho theka la ndalama ndinaikapo ine kuchokera ku geni ya usipa. Geniyo inagwa mvula itandiwonongera nsomba pa thandala. Ku banki mkhonde ndili ndi ngongole ya K180,000, azimayi anzanga omwe ndinkadya nawo mbale imodzi anabwera kudzanyamula matiresi ana akuona. Eni nyumba akuti mwezi uno ndi womaliza.

Tsono pali mayi wina amene ndinadziwana naye ku saluni. Akuti ali ndi malo ku mpoto cha kumalire, kumene kumafika mabwana a m'migodi ndi amalonda ochokera ku Tanzania, ndipo akufuna atsikana oti aziperekeza alendowo, iwo akuti escort. Sindine mwana, ndikudziwa chimene akutanthauza. Akuti pogona ndi chakudya ndi zawo, ndipo pa miyezi itatu ndikhoza kubweza ngongole n'kuyambanso geni. Kuno sindingachite zimenezi, aliyense amandidziwa. Ku mpoto sindinapondeko, kutali kumene ndinafika ndi ku Salima.

Alipo anagwirako ntchito yotereyi kumeneko? N'kotetezeka? Nanga ana ndisiyire mayi anga kapena apongozi? Musanditukwane chonde, ndalira kale mokwanira.

Anti a pa Makawa:
Achemwali, kumalire kwake kuti? Songwe? Karonga boma? Chitipa? Malowo dzina lake ndi chiyani? Ndipo ndalama ya basi akulipira ndani? Yankhani zimenezi kaye.

Mkulu wa pa M1:
Mlongo wanga, mvereni ine. Ndayendetsa thiraki mseu umenewo kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda mpaka pano imvi mbuu. Anthu akumwera mumaganiza kuti mpoto ndi Mzuzu basi. Kuchoka Mangochi mudutsa Golomoti, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay, kufika Mzuzu tsiku latha. Kuchoka Mzuzu kukafika Karonga ndi makilomita oposa 200, ndipo pakati pake pali Chiweta. Amene sanatsikepo Chiweta ndi katundu wodzadza ASANDIUZE za mseu. Kuchoka Karonga kupita Songwe ndi ena 45, kupita Chitipa ndi 100. Zikakuvutani kumeneko simungati ndithamangire kwa mayi anga. Ndipo nkhani ya mabwana a migodi ine ndinaiona ndi maso. Mgodi wa uranium wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009 Karonga inasefukira, nyumba za lendi kukwera mtengo, mabala kumera paliponse, atsikana kubwera kuchokera ku Blantyre ndi Lilongwe. Mtengo wa uranium utagwa chifukwa cha ngozi ya ku Fukushima, mgodi unaima mu 2014. Ndalama zinauma tsiku limodzi, ena mwa atsikanawo tinkawanyamula ife ulere kuti akangofika ku Mzuzu.

Mayi wa Mvano:
Mwana wanga, thupi lako ndi kachisi wa Mulungu. Umphawi si chifukwa. Ine amuna anga anamwalira ndili ndi ana asanu, ndinawalera ndi zitumbuwa ndi maganyu ochapa, lero wina ndi mphunzitsi. Ukufuna ana ako akadzakula adzamve kuti sukulu anaphunzira ndi ndalama yanji? Gwada pansi upemphere, usiye zimenezi.

Anti a pa Makawa:
Mayi, zitumbuwa za nthawi yanu shuga anali pa mtengo wanji? Munthu wapempha kuti tisamuweruze.

Mayi wa Mvano:
Kunena choonadi si kuweruza. Inuyo ndi amene mukumukankhira ku phompho.

Mwana wa ku Chilumba:
Chimene chimandinyansa n'choti nkhani ikakhala ya ku mpoto mumayankhula ngati kuli tchire lokhalokha. Karonga ili ndi chipatala cha boma, polisi, mabanki, netiweki. Mpunga wa kilombero umene mumadya pa Eid ndi pa Khrisimasi umachokera kwathu. Anthu akwathu ndi aulemu kuposa ambiri muno.

Mkulu wa pa M1:
Ndani wanena kuti kuli tchire? Ine Karonga ndikuidziwa kuposa iwe mphwanga, chivomezi cha December 2009 chinandipeza ndili komweko. Ndadya mbalagha kwanuko iwe usanayambe sukulu. Ndikunena za MTUNDA. Ndipo ngati umakukonda kwanuko funsa chifukwa chake maboma onse amalonjeza misewu ya ku mpoto nthawi ya kampeni yokha. Ife madalaivala ndi amene timagona pa Chiweta thiraki ina ikagwa n'kutseka njira.

Mwana wa ku Chilumba:
Ndiye mwayamba zandale pa funso la mayi wovutika?

Kabaza wa pa Boma:
Ine changa ndi njingayo basi. Alamuwo ali kuti tikailande? Anyamata tilipo ambiri pa siteji 😂

Membala wobisa dzina:
Njingayo anaigulitsa kale ku Namwera. Ndinapita kwa amfumu, anati ndi nkhani ya pabanja tikakambirane ndi ankhoswe. Ankhoswe ake ndi amalume a mwamunayo, mukuganiza angaweruze bwanji? Ndipo a Mvano, kupemphera ndimapemphera, koma mwana wanga wamkulu akudwaladwala malungo.

Anti a pa Makawa:
Simunandiyankhebe. Ndikufunsa chifukwa ntchito imeneyi ine ndinaigwira, ku Mangochi konkuno nyengo ya alendo, ku Dwangwa, ndi ku Karonga komwe. Sindikunyadira ndipo sindikuchita manyazi. Woyenda yekha amabwereka chipinda chake kuseri kwa bala, amalipira tsiku ndi tsiku, ndalama ya kasitomala imalowa m'manja mwake, akatopa amanyamula chikwama n'kumapita. Zimenezo n'zovuta kale, kumenyedwa kulipo, kukanizidwa malipiro kulipo, ena amakana kondomu n'kuonjezera ndalama kuti ugonje. Koma uli ndi miyendo yako. Izi zoti "pogona ndi chakudya ndi zathu" ndi zina. Ukafika amakuwerengera basi, chipinda, nsima, tsitsi, zovala, zonse pa mtengo wawo, ndipo kasitomala amalipira kwa iwo. Mwezi ukatha umauzidwa kuti udakali ndi ngongole. Ndinaona atsikana atakhala chaka akubweza ndalama ya basi. Komanso dziwani kuti kumeneko atsikana alipo kale, a komweko ndi ochokera ku Kyela tsidya lija. Mayiyo akudzatengeranji munthu ku Mangochi? Akufuna wosadziwa Chinkhonde kapena Chitumbuka, wopanda m'bale pafupi.

Wobwerera ku Oman:
Ndawerenga misozi ikutsika. Ine anandiuzanso choncho, pogona ndi chakudya ndi zathu, tikiti tikugulira. Yanga inali ntchito ya m'nyumba ku Oman. Nditangotsika ndege pasipoti analanda. Ndinkadzuka 4 koloko, kugona pakati pa usiku, kudwala osapita kuchipatala. Nditati ndikufuna kwathu anati ndibweze ndalama zimene anandigulira. Ndinabwera ndi chikwama cha zovala zokha, mwana wanga osandizindikira. Mpaka lero amene ananditumiza ndimakumana naye mu msika akuseka.

Mkulu wa pa M1:
Za Oman zija BBC inaonetsa dziko lonse, koma anamangidwa angati? Dziko lino vuto ndi limodzi, NDALAMA YATHU ILIBE MPHAMVU. November 2023 kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amuna onse a ku Mangochi ali ku Joni chifukwa chake n'chimenechi. Pitani ku Makanjira kapena ku Katuli mukaone, midzi yatsala ndi azimayi ndi nkhalamba. Ndiye mukudabwa kuti mlongoyu akuganiza zotere?

Wa geni ya nsomba:
Asisi, usipa usakugwetseni mphwayi. Vuto lanu munkayanika nthawi ya mvula. Muzigula wofutsa kapena wokazinga, mutumize ku Limbe kapena ku Lilongwe pa basi, wolandira akutumizireni pa Mpamba. Ine ndinayamba ndi ndowa imodzi. Ndilembereni ku inbox ndikuphunzitseni.

Kabaza wa pa Boma:
Mpamba wake autenga kuti poti matiresi omwe anapita?

Namwino:
Sindilowerera zoti apite kapena asapite. Achemwali, chilichonse chimene mungasankhe, pitani kaye kuchipatala cha boma mukayezetse magazi. Ngati mulibe kachilombo funsani za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV, ndi aulere. Ngati muli pa ma ARV musachoke opanda kalata yosamutsira ndi buku lanu la kuchipatala. Kondomu ikaphulika kapena wina akakugwirirani, pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa zoterezi zikachitika, koma iyenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo kufulumira ndi kwabwino. PrEP siteteza ku chindoko, chinzonono kapena mimba, ndiye makondomu ndi njira yolera zikufunikabe. Mwana wa malungoyo agone mu neti ndipo amalize mankhwala onse a LA.

Mayi wa Mvano:
Ndiye anamwino mukumupatsa zida zoti akachimwire bwino?

Namwino:
Ndikumupatsa zoti ana ake asakhale amasiye, mayi.

Wophunzira malamulo:
Pali zosokoneza pang'ono muno. Munthu wamkulu kugulitsa thupi lake mwa kufuna kwake si mlandu wolembedwa m'malamulo a Malawi. Mu 2016 khoti lalikulu ku Zomba linathetsa chigamulo cha azimayi 19 amene anagwidwa ku Dedza, linati gawo 146 la Penal Code cholinga chake ndi anthu odyera pa uhule wa anzawo. Mu 2017 khoti linathetsanso mbali ina ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira anthu usiku. Koma amene akusunga atsikana n'kumalandira ndalama zawo akuphwanya lamulo. Ndipo Trafficking in Persons Act ya 2015 imati kutenga munthu pomunyenga kapena podyera pa mavuto ake n'cholinga chokamudyera masuku pamutu ndi kuzembetsa anthu, ngakhale asanatuluke m'dziko. Chilango ndi zaka 14, akakhala mwana 21.

Mkulu wa pa M1:
Malamulo a m'mabuku amenewo. Iwe unagonapo pa Songwe usiku? Pepala la khoti limakuteteza 2 koloko m'bandakucha? Ine ndaona zambiri pa mseu mphwanga, sukulu yako ndi ya m'kalasi.

Wophunzira malamulo:
Bambo, kudziwa kuti sangamangidwe akakadandaula ndi kumene kumapangitsa munthu kulimba mtima kupita ku polisi. Ambiri amangokhala chete poopa selo.

Mwana wa ku Chilumba:
Ndipo a M1 musamaopseze anthu ndi Chiweta ngati njira ndi imodzi. Ilala imanyamuka pa Monkey Bay pafupi ndi kwawo komweko mpaka kukafika ku Chilumba.

Mkulu wa pa M1:
Ilala ya 1951 ija? Masiku angati pa madzi? Ikakumana ndi mwera? Ndiye munthu wothawa adikire sitima ya kamodzi pa sabata? Usandiseketse.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse ngakhale ena mwandipweteka. Za ana ndaganiza zosiyira mayi anga, chifukwa apongozi angawatenge osandibwezeranso, ndi anthu otero. Ana ndi a kwathu, ife ndi achikamwini. Mayi wa ku saluni uja si woipa ngati mmene mukunenera, anandipatsa K60,000 ndinalipirako lendi, ndipo chitupa changa cha unzika anatenga kuti akagulire matikiti a tonse pamodzi. Tilipo atatu, akuti tinyamuka Lachinayi. Chimene chikundiwawa n'choti mng'ono wanga amene ndinamulipirira fizi mpaka Fomu 4 sakundiyankha ngakhale pa WhatsApp.

Anti a pa Makawa:
Mayo ine. CHITUPA? Achemwali, tikiti ya basi sagulira chitupa! Mwasunga nkhani yaikulu mpaka pano bwanji? Mawa m'mawa pitani mukachitenge, munene kuti akuchifuna ku banki mkhonde. Musapite nokha. Akakana mwadziwa kuti ndi munthu wotani. K60,000 isakumangeni miyendo, ngongole ndi ngongole, mudzabweza muli kwanu. Anzanu awiriwo ali ndi zaka zingati?

Wophunzira malamulo:
Akakana kubweza pitani ku Victim Support Unit pa polisi ya Mangochi. Mukhozanso kuimba 5600, ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, ndipo ngati mwa awiriwo muli wosakwana zaka 18 imbani 116 lero lomwe. Chitupa chikasowa mumatenga lipoti la polisi n'kukapempha china ku ofesi ya NRB, yopereka zitupa za unzika. Sungani mauthenga onse amene mayiyo anakutumizirani.

Wobwerera ku Oman:
Ndi momwemo anayambira kwa ine. Musakwere basi imeneyo chonde.

Mayi wa Mvano:
Mukanandimvera poyamba paja. Bwerani ku mapemphero Lachinayi lomwelo m'malo mokwera basi.

Mkulu wa pa M1:
Ndipo Lachinayi ndi mvula imeneyi, mseu wa m'mbali mwa nyanja milatho imakokoloka chaka ndi chaka cha ku Nkhotakota, muzungulira Lilongwe, Kasungu, Jenda, kukwera Chikangawa mu nkhungu. Ine ndanena. Iwe wa ku Chilumba bwera unditsutsenso pamenepa.

Mwana wa ku Chilumba:
Sindikutsutsani za mvula. Achemwali, mukandiuza dzina la malowo ndifunsa azakhali anga ku Karonga ngati alikodi, amagulitsa mu msika ndipo amadziwa loji iliyonse.

Membala wobisa dzina:
Dzina sanandiuze, anangoti tikaona tikafika. Mmodzi mwa atsikanawo ndi wamng'ono ndithu, zaka zake sindinafunse. Ndimuimbira mayiyo madzulo ano za chitupacho.

Anti a pa Makawa:
Musaimbe, angazimitse foni. Pitani pamaso ndi munthu wamkulu. Ndipo kamtsikanako mufunse kwawo ndi kuti, makolo ake adziwe Lachinayi lisanafike.