TOETVA (opaleshoni ya chithokomiro yodzera mkamwa): kamera ikuchita nkhungu, malo akuphwa, ndikweze CO2?

Kachere: Anzanga thandizeni msanga, Lachinayi pali case ina ndiye sindikufuna zadzulo zibwerere. Ndili ku maphunziro kunja kuno, lobectomy (kuchotsa mbali imodzi ya chithokomiro) ya khansa ya papillary ya 1 cm kudzera mkamwa, ma port (timabowo tolowetsera zida) atatu, 10 mm pakati, 5 mm uku ndi uku, gasi wa CO2 wofufumitsira malo ogwirapo ntchito ali pa pressure ya 6 mmHg. Ukangoyatsa harmonic (chida chodulira ndi kuletsa magazi) utsi tho, kamera osaona kanthu, ukatsegula valve kuti utsi utuluke malo onse aphwa, scope (chubu cha kamera) ndinaitulutsa kukapukuta mwina kakhumi. Ndikakweza kufika 10 pali vuto?

Mdala_Theatre: Achimwene, khansa imeneyo. Chekani pakhosi muone recurrent nerve (mtsempha woyendetsa mawu) ndi maso anu.

Nachisale: Pressure musaikhudze chonde. Pakhosi si pamimba, mtsempha wa magazi wa anterior jugular ukang'ambika gasi amalowa mumtsempha, embolism yake (gasi kutseka njira ya magazi) simungaiiwale. Kwezani flow, Anuwong, katswiri wa TOETVA wa ku Bangkok uja, amaika 6 yomweyo koma flow 15 L/min. Scope muziyamba mwaiviika m'madzi ofunda.

Gasi_Man: Ife a anaesthesia ndi amene timavutika. Wina anakweza osandiuza, end-tidal (CO2 wa mumpweya womwe wodwala akutulutsa) kungokwera, kugwira pachifuwa pa wodwala khungu likulira ngati pepala la shuga, emphysema (gasi pansi pa khungu) mpaka m'masaya. Tinachedwa kuchotsa tube yopumira usiku umenewo.

Mdala_Theatre: Ndiye ndikunena ine. Mukacheka pakhosi gasi alowera pati?

Nachisale: Akulu, atsikana athuwa akuopa keloid, mwaiwala zipsera zotupa zija timaziona ku clinic? Wina amavala mpango pakhosi ngakhale mu Okutobala.

Mdala_Theatre: Chipsera sichipha munthu asisi. Chotupa chikaphulika potulutsa pabowo laling'onolo mwafesa khansa njira yonse.

Tiyanjane: Pamenepo adala akunena zoona, popanda endobag (kathumba kotulutsira chotupa) musayerekeze, komanso osaduladula specimen, a pathology asowa margin (malire a chotupa). Ma port a m'mbaliwo ikani pafupi ndi mlomo, mukatsikira kunkhama mupweteka mental nerve (mtsempha womvera wa mlomo wakumunsi). Wanga wina anakhala miyezi mlomo wakumunsi uli dzanzi, tiyi akumwa akutayikira.

Gasi_Man: Kachere, ma node (anabele a pakhosi) munawaona bwino pa ultrasound?

Mdala_Theatre: Funso ndi limenelo. Khansa ikapezeka mu node, mpeni pakhosi basi.

Tiyanjane: Zina, alipo akudziwa kogula ma blade a harmonic motchipa? Athu atha kalekale, tabwerera ku bipolar, chida chowotchera ndi magetsi chija.