Ndinaikira thadzi mazira 8, lero ndawerenga 19. Ndichite bwanji?

Woweta Watsopano

Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero zandithina, ndati ndifunse kwa inu odziwa.

Ndili ndi mathadzi 9 ndi tambala mmodzi kuseri kwa nyumba, ndipo chaka sichinathe chiyambire kuweta. Thadzi lina lakuda linayamba kukakamira m'chisa, usana ndi usiku osachokamo. Ukaliyandikira limaimika nthenga n'kumalira mokalipa, ukaponya dzanja limajompha. Nditalinyamula ndinapeza kuti pachidale palibe nthenga, mpaka ndinaopa kuti ndi matenda, koma mnzanga anandiuza kuti ladzizula lokha chifukwa likufuna kufungatira. Ndiye ndinasankha mazira 8 ooneka bwino n'kuliikira. Lero ndi tsiku la 12.

M'mawa uno litatuluka kukadya, ndati ndisuzumire. Abale, mazira 19! Ena ali kunja kwenikweni kwa chisa, ozizira ngati mwala. Limodzi lasweka, ndipo zam'kati zamatirira pa anzake atatu. Ndabisala pakona kwa kanthawi, ndipo ndaona ndi maso anga thadzi lina likukwera pamsana pa lakudalo, kudzipanikiza pambali n'kuikira pomwepo. Zisa zina zitatu zili mbee, koma onse akufuna chimenechi. Nanga ine ndimadabwa kuti bwanji masiku ano ndikutola mazira ochepa.

Choipa n'chakuti sindinalembe chizindikiro pa mazira oyamba aja. Onse akufanana.

Ngati izo sizikukwana, thadzi lina lofiira nalo layamba zomwezi. Lero ndi tsiku lachitatu likukhalira chisa chopanda dzira ngakhale limodzi.

Ndingadziwe bwanji mazira oyamba? Kodi opakika aja nditsuke? Nanga lofiirali ndiliyiwalitse bwanji? Thandizeni chonde.

Mayi a Anapiye

Pepani achemwali, izi tonse tinadutsamo. Mazira 19 thadzi limodzi silingathe. Thadzi lapakatikati limakwanitsa 10 kapena 12. Ndipo musaganize kuti ozizira ali kunjawo ndi okhawo ali pa ngozi. Nkhuku imatembenuza mazira kambirimbiri pa tsiku, lam'mphepete kulikokera pakati, lapakati kulikankhira kunja. Ndiye akachuluka, lililonse limakhala ndi tsiku lake lozizidwa, mapeto ake mumataya onse. Chotsanimo ena lero lomwe, osadikira mawa.

Woweta Watsopano

Ndichotse ati tsono amayi? Ndikuopa kutaya amene atsala pang'ono kuswa.

Bambo wa Tochi

Musataye mwachimbulimbuli, dzira limaulula lokha msinkhu wake. Dikirani kude. Tengani tochi yowala kwambiri, ya pa foni imatha ngati chigoba sichakuda kwambiri. Pindani chikhatho ngati mukupanga kabowo pamwamba pa tochiyo kuti kuwala kusathawire m'mbali, kenako gunditsani mbali yaikulu ya dzira pa kabowoko. Mukhale mu mdima weniweni.

Dzira la masiku 12 mudzaona chinthu chakuda chachikulu, mitsempha yofiira yambiri, ndi mpata woyera wa mpweya ku mbali yaikuluyo. Mukaligwira osaligwedeza mudzaona chikusuntha. La masiku 4 mpaka 6 limaoneka ngati muli kangaude wofiira, kadontho pakati, timiyendo kumwazika. Longoikiridwa kumene limawala lonse, mthunzi wa chikasu wokha ukuyandama. Mukaona mzere wofiira wozungulira ngati mphete popanda mitsempha, mwanapiye anayamba koma anafa, limenelo chotsani.

Samalani ndi chinthu chimodzi. Dzira lowala lonse lingakhale la dzulo, lingakhalenso la masiku 12 lomwe tambala sanachitepo kanthu. Tochi siyingakuuzeni kusiyana kwake. Koma pa vuto lanu zilibe kanthu, onse owala achoke basi.

Chitani mwachangu, dzira lililonse masekondi ochepa, n'kuliika pa nsalu. Khalani ndi pensulo m'manja, amene mwasankha muwalembe mzere wozungulira dzira lonse kuti muzitha kuuona ngakhale latembenuzidwa motani.

Mlimi Wakale

Ine zounika mazira ndi tochi sindigwirizana nazo. Ndaweta zaka zambiri sindinaunikepo dzira. Nkhuku imadziwa yokha, loipa imalitulutsa m'chisa. Mukawagwiragwira ndi manja imawanyanyala.

Bambo wa Tochi

Achikulire, ulemu wanu, koma zoti nkhuku imanyanyala mazira chifukwa munthu wawakhudza ine sindinazione. Thadzi lofungatira limakhalira ngakhale mwala wozungulira, nanga likakane dzira lake chifukwa cha chala changa? Zoti nthawi zina limatulutsa loola ndi zoona, koma si nthawi zonse. Kwanga dzira loola linaphulikira pansi pa thadzi tsiku la 17. Fungo lake sindifuna kulikumbukira, ndipo mwa mazira 10 anaswa atatu okha. Komanso apa nkhani si ya oola okha. Nkhuku siyingasiyanitse dzira la masiku 12 ndi la masiku awiri.

Mlimi Wakale

Chabwino, pamenepo ndavomera. Ineyo kwanga sizisakanikirana chifukwa yofungatira ndimaipatula tsiku loyamba lomwe.

Mayi a Anapiye

Ndiye mwafika pa mutu wa nkhani achikulire. Achemwali, mvetsani chifukwa chake kusakanikiranaku kuli koopsa. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, kuwerengera tsiku limene layamba kutenthedwa, osati limene linaikiridwa. N'chifukwa chake thadzi limatha kuikira mazira kwa sabata ndi theka koma anapiye n'kuswa pafupifupi tsiku limodzi. Oyamba akaswa, make amadikira tsiku limodzi kapena awiri, kenako amadzuka kukawafunira chakudya. Otsala m'chisa, ngakhale atatsala ndi masiku atatu okha, amazizira n'kufera m'chigoba. Ine ndinaswapo mazira otsala otere n'kupeza anapiye athunthu, nthenga ndi milomo zonse zilipo. Zinandiwawa sabata yonse.

Za kutsuka, musatsuke ndi madzi. Chigoba chili ndi timabowo tating'ono topumira, ndipo kunja kwake kuli kachikuto kosaoneka kotchinga tizilombo. Mukatsuka mwachotsa kachikutoko, madzi ozizira ndiye amakokera litsiro m'kati. Dikirani ziume, palani pang'onopang'ono ndi kansalu kouma. Udzu wa m'chisa wonse wonyowawo sinthani, apo ayi muitana nyerere ndi makoswe.

Wa Abakha

Dikirani kaye, bwanji aliyense akulankhula zotaya? Mayiwa ali ndi thadzi lachiwiri lomwe likukhalira chisa chopanda kanthu! Mazira a kangaude aja apatseni lofiiralo. Mavuto awiri athetsana okha.

Woweta Watsopano

Koma zoona! Sindinaganizeko n'komwe. Lidzawalandira ngakhale si ake?

Wa Abakha

Silifunsa n'komwe. Ine mathadzi anga amandifungatirira mazira a abakha, masiku 28, ndipo a abakha aakulu ofiira kumaso aja mpaka 35, osadandaula. A nkhanga nawonso amaswa pansi pa nkhuku. Ingolowetsani usiku, dzanja pansi pa phiko, dzira mutalifumbatira kuti likajompha lijomphe inu osati dziralo. Lakhala kale masiku atatu osachoka, ndiye latsimikiza. Likanakhala la tsiku limodzi ndikanati liyeseni kaye ndi mazira achabe, chifukwa misoti ina imayamba ndi changu n'kutopa pa sabata.

Vuto limodzi lokha: mazirawo nawonso ndi osiyana misinkhu. Sankhani oyandikana, osiyana ndi masiku awiri kapena atatu. Osafuna kupulumutsa onse.

Mnyamata wa Khola

Ngati simukufuna anapiye ambiri, lofiiralo ingoliviikani m'ndowa ya madzi ozizira, mawa laiwala. Kapena litsekereni masiku awiri osalipatsa chakudya.

Oyang'anira Gulu

Achimwene, zomana chakudya ayi, pagulu lino sitilimbikitsa. Nkhuku yofungatira imakhala itawonda kale chifukwa imadya kamodzi pa tsiku, muimanenso? Zoviika m'madzi anthu amachita, koma nthawi zambiri ikauma imabwerera m'chisa, ndipo kukazizira mutha kuidwalitsa.

Kwa amene akuwerenga ndipo akufunadi kuiwalitsa thadzi: chimene chimalisunga mu mkhalidwe umenewu ndi homoni (timadzi tina ta m'thupi) yotchedwa prolactin, ndipo kutentha kwa pansi pa mimba ndi mdima wa m'chisa zimaipitiriza. Ndiye liikeni m'kakhola ka waya pansi pomwe, kokwezedwa pa njerwa kuti mphepo izidutsa kumimba, pamalo owala koma a mthunzi, opanda udzu kapena chilichonse choti likhalire. Madzi ndi chakudya zikhalemo nthawi zonse. Ambiri amasiya pa masiku atatu kapena anayi. Mukalitulutsa n'kuthamangira kuchisa, libwezeni masiku ena awiri. Kuyambanso kuikira kumatenga sabata kapena awiri, nthawi zina kuposa apo. Mukachita msanga limaiwala msanga. Chimene simuyenera kuchita ndi kulisiya pa chisa chopanda mazira, chifukwa silimawerenga masiku, limatha kukhala mwezi ndi kupitirira likudikira anapiye amene kulibe.

Mtundu umathandiziranso. Silkie, Cochin ndi Orpington zimafungatira pafupipafupi, pomwe Leghorn ndi zina zoikira kwambiri zija sizichedwa nazo zimenezi.

Woweta Watsopano

Zikomo nonse. Ndangochoka kukhola ndi tochi, manja ali ojomphekajompheka. Mwa 19 aja: 7 akuda kwambiri ndipo m'mawiri ndaona chikusuntha, mpaka ndinakuwa ndekha mu mdima. 5 a kangaude. 4 owala. 2 a mphete. Limodzi sindinafune n'komwe kuliunika, fungo linandiuza. Lakudalo ndalibwezera 7 ake nditawalemba. Mwa asanu aja, limodzi linali laling'ono kwambiri kuyerekeza ndi anzake, ndalichotsa, anayi ndapatsa lofiira. Lawakokera lokha pansi ndi mlomo ngati linkawayembekezera.

Tsono funso lina. Ndiwasamutse kuti anzawo asiye kuwaikira?

Mlimi Wakale

Lofiiralo lisamutseni usiku uno, likadali poyambira. Koma lakudalo pa tsiku la 12 ine sindingalisunthe. Nkhuku imaloweza malo, osati mazira. Mukalipititsa kwina, m'mawa likatuluka kukadya lidzabwerera ku chisa chakale, kukakhalira mazira a anzake, anu asanu ndi awiri aja akuzizira. Tchingani pomwe lilipo ndi waya kapena katoni yobowola, madzi ndi chakudya muike chapatali pang'ono kuti lizidzuka. Liyenera kudzuka kamodzi pa tsiku, mphindi 20 kapena 30, kudya, kumwa, kusamba m'fumbi ndi kutaya zitosi. Zitosi zake mudzazidziwa, chimulu chachikulu chonunkha, musadabwe nazo. Likakhala masiku awiri osadzuka, linyamuleni nokha, koma yambani mwafufuza m'mapiko chifukwa limabisa mazira m'menemo, mukalikweza amagwa.

Chimene palibe watchula ndi utitiri. Nkhuku yokhala malo amodzi masabata atatu ndi phwando la utitiri. Usiku unikani m'ming'alu ya chisa ndi pansi pa mapiko. Lipombo likayamba kuyera, dziwani kuti ukuyamwa magazi, ndipo thadzi lotere limathawa mazira ngakhale atatsala masiku awiri. Liikireni fumbi louma losakaniza ndi phulusa pafupi kuti lizisambamo.

Mayi a Anapiye

Ndionjezere za ulendo wina. Mazira oti mufungatiritse muzisonkhanitsa pambali, pamalo ozizirira bwino koma osati mu firiji, mbali yosongoka pansi, ndipo asapitirire sabata kapena masiku 10. Akakwana, lembani onse, aikeni tsiku limodzi, tsikulo lilembeni pa kalendala. Madzulo alionse dzanja pansi pa thadzi, lopanda mzere lichoke. Kuyambira tsiku la 18 musawagwirenso, ndi nthawi imene mwanapiye akudzikonza potulukira.

Woweta Watsopano

Ndabweranso anzanga, papita masiku 9. Dzulo madzulo ndinamva kulira kwa anapiye pansi pa lakuda lija, thadzi likuwayankha chapansipansi. M'mawa uno ndawerenga timitu tisanu tikusuzumira m'nthenga, atatu akuda, awiri amawangamawanga. Lofiira likadali pa anayi ake, onse amoyo, ndinaunika Lachitatu.

Koma mazira awiri atsala. Limodzi lili zii. Linalo laboola kabowo kuyambira cha m'ma 6 koloko m'mawa, kamlomo kakuoneka, kakupuma, koma mpaka pano 2 koloko silinapitirire. Manja akundiyabwa. Ndilithandize kuswa? Komanso asanuwa sanadye kanthu chibadwire.

Bambo wa Tochi

Manjawo akhalireni amayi. Kuchokera pa kabowo mpaka kutuluka kumatenga maola 12 mpaka 24. Pa nthawi imeneyi mwanapiye akumaliza kukokera chikasu m'mimba ndipo mitsempha ya m'chigoba ikuuma. Mukasenda msanga mudula mtsempha, ataya magazi muli kuona. Maola 8 okha apita. Asanu enawo musade nawo nkhawa, chikasu chomwecho chimawasunga masiku awiri kapena atatu. Ingoikani chakudya cha anapiye pafupi ndi chisa, ndi madzi m'kambale kosazama muli timiyala kuti asamire, make awaphunzitsa yekha. Zikatero sadzuka msanga, ndipo wotsalayo apeza nthawi. Lili zii lija lisiyeni mpaka tsiku la 23.

Woweta Watsopano

Ndamva bambo. Ndaika kambale ndi timiyala, ndatseka chitseko cha khola ndipo kiyi ndapatsa mwana wanga kuti asandipatse mpaka mawa m'mawa.