Kodi kamendulo ka Lindbergh aka n'ka 1927 zoona, kapena andipusitsa?

Abale anga okonda zinthu zamakedzana, ndibwerekeniko nzeru. Loweruka lapitali pa msika wa zakale kuno ku St. Louis ndinapeza kamendulo ka mkuwa m'kabokosi ka mabatani ndi makiyi adzimbiri. Kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Mbali ina kuli nkhope ya Charles Lindbergh, woyendetsa ndege wa ku America, mbali inayo kandege ndi chaka cha 1927, ndipo pamwamba pali kachiboo kopisapo chingwe. Mayi wogulitsayo anati n'ka agogo awo. Ndinangotulutsa madola 15 osanenerera n'komwe.

Chikayiko chandigwira nditafika kunyumba. Paja mkuluyu atauluka yekha osatera paliponse kuchokera ku New York mpaka ku Paris pa 20 ndi 21 May 1927, maola 33 ndi theka ali m'mwamba, amalonda anamuunjirira ngati nyerere pa shuga. Nkhope yake inali pa mabaji, mbale, zidole ndi mapositikhadi. Nalo boma la America linatulutsa sitampa ya masenti 10 yokhala ndi ndege yake ija, Spirit of St. Louis. Zinthu zochuluka chonchi, opanga zachinyengo sangalephere kuloweramo.

Ndiye kenikeni mumakazindikira bwanji? Kulemera kwake, kapena chizindikiro cha kampani imene inakasula? Kanga kalibe dzina lililonse m'mphepete.

Chinanso, kachita zobiriwira pa phiko la ndege. Akazi anga akuti tikakwecheko ndi ndimu ndi phulusa, ine ndakaniza kaye. Kukatsuka sikugwetsa mtengo?